Banga, Munga ndi Nthenga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinaphunzira Chilatini. Ndinaphunzira liwu limodzi lokha, koma musandiseke. Alipo anthu anakhala ku seminale mpaka kumera imvi, koma Chilatini chawo chonsecho sichinawapulumutse ngakhale ku chimfine. Langa limodzilo linandiwolotsa malire.

Ndinali ndi zaka ngati zisanu ndi zinayi. Ndikuti "ngati" chifukwa pepala langa la ubatizo linapsa pamodzi ndi nyumba yathu, ndipo kuyambira pamenepo zaka zanga ndimazitchula malinga ndi nkhope ya amene wafunsa. Inali nthawi ya nkhondo. Tinali titathawa m'mudzi mwathu cha ku Mualadzi n'kukamanga misasa m'tchire, m'mbali mwa khwawa lina limene mchenga wake unkasunga chinyezi. Bambo anga anali atatengedwa ndi amfuti kuti akanyamule katundu, ndipo sanabwerenso. Tinatsala ine, amayi, alongo anga awiri, ndi malume a Zakariya, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba, munthu amene liwu lake likatuluka silinkabwereranso m'kamwa.

Kumisasako lamulo linali limodzi: chete. Amayi ankatiuza m'mawa ndi madzulo ngati pemphero kuti, "Ukalira, wapha tonse." Agalu tinawataya. Makanda ankakhala ndi bere m'kamwa tsiku lonse. Atambala athu nawo anaphunzira mwambo: m'bandakucha ankakwera pachitsa, kutambasula khosi, kuyasama, n'kutsika osatulutsa mawu. Ndikudziwa kuti ena mukuti ndayamba bodza. Funsani aliyense amene anali kumeneko. Ambiri anamwalira, koma limenelo si vuto langa.

Pa nkhani ya chete imeneyi ine ndinali katswiri. Tsiku lina amfuti akudutsa chapafupi, tinagona m'maudzu, ndipo ine ndinagonera panjira ya linthumbwi. Linalowa m'kabudula, linayendera malo onse amene boma silifikako, koma ine ndinangoti zii, kuluma udzu. Atapita anthu aja, malume anandivula, n'kuona mmene thupi linatupira. Anandiimika pamaso pa anthu onse.

"Uyu ndiye mwamuna," anatero. "Mwamuna salira."

Madzulo ake anandipatsa mbewa yaikulu kuposa zonse, yathunthu, mutu ndi mchira womwe. Mpaka lero sindinalandirenso ulemu woposa umenewo, ngakhale ndinakwatira ndi ukwati wa m'tchalitchi.

Dzuwa litayamba kutentha, udzu utapsa, akuluakulu anagwirizana kuti tiwolokere ku Zambia. Panapezeka munthu wodziwa tinjira tozemba msewu wa Cassacatiza, amene anavomera kutitsogolera. Amayi anayamba kukazinga chimanga cha paulendo. Ndipo pofuna kuti tikafike kwa eni dziko tikuoneka ngati anthu, anatitengera kukhwawa kukatisambitsa. Sabau, amene ena mumati sopo, tinali titamuiwala ndi fungo lomwe, choncho ankatikhula ndi mchenga ndi mwala. Akukhula msana wanga, dzanja lawo linaima.

Anapeza banga. Linali pansi pa phewa lamanzere, lotuwa kusiyana ndi khungu lonse, losatupa, lopanda chilonda. Ine mwini wake sindinalionepo, popeza Mulungu sanandipatse khosi la kadzidzi. Ndinkangomva za ilo kwa anthu. Amayi anati linali ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Mayi wa msasa woyandikana nafe anati ayi, ngati chikhatho. Pofika madzulo linali litakula ngati lichero, ndipo ena ankanena kuti munkaoneka mapiri, mitsinje ndi msewu wopita ku Nsadzo.

Malume anandiitana. Anandiuza kuti nditembenuke, ndiyang'ane kumtengo. Ndinamva akuthyola munga wa mthethe. Sanandiuze kanthu, chifukwa masiku amenewo mwana sankauzidwa kanthu. Ine ndinaganiza ndekha kuti ulendo uli kutsogolowu ndi woopsa, ndipo malume akufuna aone ngati mwamuna wawo uja akadali mwamuna. Ndinalimbitsa mapazi.

Anandibaya. Ndikunenetsa kuti ndinaona nyenyezi masanasana, zina ndinazidziwa ndi mayina omwe. Koma sindinagwedezeke. Anabayanso, mozamirapo. Ndinakumbukira mbewa ija, ndipo kuti ntchito ikome ndinamwetulira.

"Sakumva," anatero malume.

Ine ndinati amenewo ndiwo mayamiko. Koma kumbuyo kwanga amayi anayamba kulira, kulira kwa kumisasa, kwa mapewa okhaokha kopanda mawu. Kenaka malume ananena liwu lina motsitsa: "Ndi khate."

Khate ndinkalidziwa ngati matenda a anthu opanda zala. Ndinayang'ana zala zanga, zonse zinalipo. Zoti banga la khate silimva kuwawa, ndi zoti mungawo unkafunsa zimenezo, palibe anandiuza. Ndinangodikira mbewa yanga.

M'malo mwa mbewa ndinalandira kaneka yangayanga yomwera madzi, yopangidwa ndi chitini, atayimanga kachingwe kuti isasokonezeke ndi zina. Ndinalandira mbale yanga, ndi kamphasa kanga pansi pa mtengo, kutali pang'ono ndi misasa. Poyamba ndinayesa kuti ndakwezedwa paudindo, popeza pambumba yonse amene anali ndi kaneka yakeyake anali malume okha. Koma ndinaona kuti alongo anga akandibweretsera chakudya ankachiika pansi n'kubwerera chafutambuyo. Amayi ankandiyang'anira patali, manja atawapinda m'khwapa ngati akuwaletsa kanthu. Amene anandimasulira zonse anali mlongo wanga wamkulu, Rozina, ataimirira pamtunda woti mwala ufike.

"Iwe sukupita ku Zambia. Utsala ndi a Nabanda."

A Nabanda anali mayi wokalamba wa miyendo yotupa, amene akuluakulu anali atagwirizana kale kuti sangayende ulendowo. Ankasowa wowatungira madzi. Tsopano anapezeka.

Musaganize kuti malume anali ndi mtima wamwala. Wotsogolera njira uja anali atanena poyera kuti iye sayenda ndi wakhate, ndipo panali mbiri yakuti kumalire akaona wakhate mmodzi amabweza gulu lonse. Kaya mbiriyo inali yoona kaya ayi, palibe ankafuna kukaiyesa ndi ana kumsana. Ndinawamva malume akuuza amayi, nkhope itazyolika, "Mlongo wanga, ndili ndi mitu yambiri yoti ndiwolotse. Undiuze iwe, nditaye iti?"

Apa m'pamene amayi anapita kwa a Venansiyo.

A Venansiyo anali pulofesoro wa sukulu ya ku misiyoni nkhondo isanafike kwathu. Ali mnyamata anakhalako ku seminale, n'kutulukako, ndipo ankati anachoka pofuna kuti abishopu asamachite manyazi. Kenaka anathandizako masisitere kuchipatala, kutsuka mabala ndi kugwira odwala miyendo. Koma pankhondo aphunzitsi ankasakidwa ngati nsenzi, choncho anakwirira mabuku awo, n'kuvala chiguduli, n'kumauza aliyense kuti iwo ndi oluka madengu osadziwa ndi "a" yemwe. Madengu awowo ankadontha ngakhale maungu. Izi ndinaona ndi maso anga, ndipo mphezi ing'ambe ngati ndawonjeza. Mwina ndachepetsa.

Anabwera m'mawa, dzuwa litangokwera. Anapereka moni kwa malume mwaulemu wonse, kuwomba m'manja ndi kufunsa mmene agonera, ngati kuti tinali pabwalo la mtendere. Kenaka anabwera kumphasa kwanga, anagwada, n'kuyang'ana msana wanga nthawi yaitali.

"Macula," anatero.

Amayi anakhala pansi mwadzidzidzi. "Mayo ine! Imeneyo ndiye yoposa khate?"

"Ayi, mayi. Ndi liwu la Chilatini. Tanthauzo lake ndi banga. Basi."

Malume anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "A pulofesoro, mwadzuka m'mamawa, mwasiya madengu anu, kudzatiuza kuti banga ndi banga?"

"Eya. Ndipo pakadali pano n'zokhazo zimene tikudziwa. Dotolo akaona khungu lasintha mtundu, losatupa, lopanda chilonda, amalemba liwu limenelo. Sanatchule matenda. Wangonena zimene maso aona, ndipo ntchito ndiye ikuyamba."

"Ntchito inatha. Munga unanena kale, ndipo ine ndinagamula."

A Venansiyo anali munthu wobwera, wopanda mbale wake pakati pathu. Ankadziwa kuti mwini mbumba sumugwetsa pamaso pa mbumba yake. Ukatero, ngakhale uli ndi choonadi m'manja, amakakamira pomwepo mpaka imfa. Choncho sanatsutse. Anadzera njira yaitali, monga amachitira munthu wofuna kugwira nkhuku ya eni ake.

Anatsikira kukhwawa kumene amayi anabzala kadimba, n'kubwera ndi masamba awiri. Loyamba linali la maungu, lokhala ndi mawanga oyera aja otsata mitsempha. Analiika pabondo la malume.

"Anthu ophunzira za zomera amatchulanso mawanga awa ndi liwu lomwe lija. Tsono a Zakariya, nkhwani uyu ali ndi khate?"

"Amabadwa choncho."

"Ndipo dzulo munadya, munanyambita ndi zala zomwe. Nanga ili?" Lachiwirili linali la nsawa, lokhala ndi timadontho takuda tozunguliridwa ndi chikasu.

"Ilo likudwala. Masamba ayoyoka posachedwa."

"Mwaona. Liwu ndi limodzi, lina ndi ndiwo, lina ndi matenda. Mwasiyanitsa ndinu, chifukwa mumalima, osati liwulo."

Malume anasasa masamba aja pabondo. "Tsamba si mwana."

Ine ndili pamphasa panga ndinaona kuti mlandu wanga ukuipiraipira. Loya wanga anali atayamba kuitana ndiwo kuti zikhale mboni.

Koma a Venansiyo sanafooke. Anapempha amayi kachidutswa ka kalilole kamene ankasunga m'kathumba, ndi duku lawo loyera la kutchalitchi. Kalilole anamumata ndi dothi lonyowa, n'kusiya kabowo kakang'ono ngati njere ya chimanga. Duku analipachika m'kati mwa msasa wa malume, umene unali wamdima kuposa yonse. Kenaka anapita kutali ndithu, anakhazika kalilole uja pamwala, n'kumuyendetsa pang'onopang'ono mpaka kuwala kunalowa pakhomo la msasawo.

"Mutiitanira ndege ndi zong'animazo!" anakalipa malume, monong'ona, popeza kumeneko ngakhale ndewu inkachitika monong'ona.

"Lowani muone, mundiuze chimene chili pa duku. Koma wina asayang'ane dzuwa lenilenilo, angapse maso."

Analowa malume, amayi ndi anthu ena. Ine anandilola kusuzumira pamng'alu wa udzu. Pa duku panali chinthu chozungulira bwinobwino, chowala, chachikulu ngati kukamwa kwa kaneka, chikunjenjemera pang'ono. Ndipo chakumbali kwake kunali timadontho takuda, ngati pamene pakhala ntchentche. Malume anapukuta duku ndi chala. Timadontho sitinachoke. Anasuntha duku lonse. Timadontho tinatsala pamalo pake, pa chozungulira chija.

"Limenelo ndi dzuwa," anatero a Venansiyo ataima pambali pa khomo. "Ndipo awo ndi mawanga ake. Amene amaphunzira zakumwamba anawatcha ndi liwu lomwe lija. Amabwera, amapita. Lakhala nawo kuyambira makolo athu asanabadwe, koma chimanga likuchetsabe."

Ndipo amayi anga, amene kuyambira ndibadwe sindinawamvepo akuyankha mlongo wawo, anayankhula akuyang'ana pansi.

"Achimwene, ndiye dzuwali nalo tilisiye ndi a Nabanda?"

Wina kumbuyo anatsamwa ndi chiseko. Malume anatuluka, anayang'ana kuphiri, anakanda ndevu. Kenaka anati, "A pulofesoro, nenani chimene mukufuna. Dzuwa likutha ndi kulionerera."

"Sinditsutsa munga wanu. Munga munaufunsa bwino, ndipo masisitere nawo ankayesa chimodzimodzi. Koma mwanayu munamufunsa?"

Anatulutsa m'chiguduli mwawo nthenga ya nkhanga. Sanaigwiritse ntchito okha. Anaipereka kwa malume ndi manja awiri. "Mwini mbumba ndinu. Ine ndingomanga mwanayu m'maso."

Anandimanga ndi duku lija, likununkha utsi ndi mutu wa amayi. Anandiuza kuti, "Fasiyo, lero lamulo lasintha. Ukamva kanthu kakukhudza, paliponse, unene."

Ine sindinali chitsiru. Ndinafunsa kaye, "Malume alola?"

"Ndalola," linatero liwu la malume kumbuyo kwanga.

Tsono pali chinthu chimene sindinakuuzeni. Munga ndinkaupirira, linthumbwi ndinkalipirira, koma kugirigisha ndiye kunali imfa yanga. Nthenga ija itangoyenda pa banga, chiseko chimene ndinachitsekera m'mimba zaka zonse za nkhondo chinaphulika nthawi imodzi. Anyani anagwa m'mitengo. Atambala aja anakumbukira ntchito yawo n'kuyamba kulira masanasana. Ndinamva pambuyo pake kuti amfuti a mbali zonse ziwiri anabwerera m'mbuyo tsiku limenelo, aliyense poganiza kuti mnzake walandira chida chatsopano. M'mabuku a mbiri simudzazipeza izi, chifukwa olemba mabukuwo sanali ku Mualadzi.

Koma ichi chokha ndikuchinena popanda mchere. Pofuna kuzimitsa phokosolo, anthu anandigwera. Dzanja loyamba kufika pakamwa panga linali la amayi, ndipo lina linandikulunga pamimba n'kundikokera pachifuwa pawo. Pamwamba pa dzanja la amayi panafika la malume, lokhakhala, lonunkha fodya. Kuyambira tsiku la kukhwawa lija panalibe munthu anandikhudza. Chiseko chinatha chokha, ndipo chimene chinatsatira sindichitchula, popeza mwamuna salira.

Atandimasula m'maso, malume anali atanjuta patsogolo panga.

"Nanga munga uja?"

"Unawawa, malume."

"Kawiri konse?"

"Kachiwiri ndiye kwambiri."

"Osanena bwanji, mwana iwe?"

"Munati mwamuna salira."

Malume anatsegula pakamwa n'kutsekanso, ngati atambala athu aja. A Venansiyo, pofuna kuwapatsa poyang'ana, anakanda banga lija ndi chikhadabo n'kuwaonetsa tinthu toyera ngati gaga. "Zikuoneka ngati zikanga, za thukuta ndi kusowa sabau. Mukafika tsidya lija mukamuonetsebe kuchipatala, iwo ndiwo akatsimikize." Kenaka anawonjeza motsitsa, kuti amve malume okha, koma ine ndinali pafupi. "Ndipo likanakhala khate, a Zakariya, khate lili ndi mankhwala masiku ano. Ameneyu ndiye akanayenera kuwoloka woyamba."

Malume sanapepese. Eni mbumba a nthawi imeneyo kupepesa sankakudziwa, ngati mmene ife tinali titaiwalira sabau. Anangoimirira, anapita pansi pa mtengo paja, anatola kaneka yanga yakachingwe, anatunga madzi mumtsuko wa anthu onse, n'kumwa pang'onopang'ono, ataima poti wotsogolera njira uja awaone bwino. Atamaliza anapukuta pakamwa.

"Madzi ake ndi omwewo," anatero.

Tinanyamuka masiku ochepa pambuyo pake. Ndipo popeza wotungira madzi a Nabanda anali atachira asanadwale, panalibenso njira yowasiyira. Amuna anadula mtengo, anamangapo bulangete, n'kuwanyamula mosinthana. Njira yonse ankadandaula kuti onyamulawo sadziwa kuyenda. Choncho nthenga imodzi ya nkhanga inawolotsa anthu awiri. Ine mapazi atatupa, malume anandiika pakhosi, banga, zikanga ndi zonse. Kumsasa wa othawa nkhondo anandipatsa mafuta opaka, ndipo mvula isanagwe banga linali litapita osatsanzika.

A Venansiyo anatumizidwa kumsasa wina, kumene anayambanso kuphunzitsa ana pansi pa mtengo, zimene zinapulumutsa dziko la Zambia ku madengu awo. Anamwalira konko mtendere usanabwere. Sindinawathokoze. Ana sathokoza, amangodya n'kuthamanga. Malume anabwerera nafe kwathu, anakalamba, ndipo mpaka imfa yawo mwana aliyense wa mbumba yathu akagwa ankamudzutsa n'kumufunsa kuti, "Pakuwawa pati? Nena, usandibisire."

Chaka chatha maso anga anayamba kuchita nkhungu, ndipo ndinapita ku Tete kukapimitsa. Dotolo wake anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Anandiwalitsa m'diso, n'kunena m'Chipwitikizi kuti macula yanga ili bwino, ndikungofunika magalasi. Ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Ndinamufunsa kuti banga lija linafika bwanji m'diso kuchokera kumsana. Anandifotokozera kuti kumbuyo kwa diso la munthu aliyense kuli kabanga kakang'ono kachikasu, ndipo kameneko ndi kamene kamatithandiza kuwerenga, kulowetsa ulusi m'singano ndi kuzindikira nkhope za abale athu. Ndinamuuza kuti ndamva, koma kuti titsimikize abweretse nthenga ya nkhanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundipimanso kutentha kwa thupi.

Pobwerera, m'galimoto, ndinaganiza za anthu atatu aja. Malume anali ndi munga wabwino ndi mtima wabwino, koma anafunsa khungu n'kuiwala kuti m'kati mwake muli mwana. A Venansiyo anali ndi liwu limodzi lodzichepetsa, limene limanena zimene laona n'kuimira pomwepo, osathamangira kugamula. Amayi anali ndi funso limodzi, ndipo analisunga mpaka tsiku lake. Ine ndinali ndi chete wanga, amene anatipulumutsa kwa amfuti n'kutsala pang'ono kundisiya m'tchire. Ndazindikira kuti anthu ambiri amene timati sakumva, akumva ndithu. Tinangowapatsa mbewa kuti asalire. Choncho ndikaona banga pa munthu, lapakhungu kapena lapambiri yake, ndimalitcha banga, n'kupita kukamufunsa mwini wake.

Kaneka ija ndikadali nayo, ndi kachingwe kake komwe. Mlendo aliyense kwathu amamwera imeneyo. Imadontha pang'ono, koma poyerekeza ndi madengu a a Venansiyo, ndi chitsime.